Manja Amene Amalandira Mbewu Zanu ku Lilongwe

Alimi anzathu, thumba la mtedza kapena belo la fodya likakwera pa lole kuchoka kumudzi, ambiri a inu mumati ntchito yatha, chatsala ndi kuwerenga ndalama. Komatu mbewuyo isanafike kwa wogula wotsiriza imadutsa m'manja ambiri. Pali wotsitsa matumba, pali kalaliki wa pa sikelo, pali amayi osenda ndi kusankha, pali wosoka matumba, pali wothira mankhwala a anankafumbwe, ndiponso pali mlonda amene amachezera usiku wonse pa khomo la shedi. Mmodzi yekha mwa anthu amenewa akamagwira ntchito mtima uli kwina, thukuta lanu la miyezi isanu ndi umodzi likhoza kutsika mtengo tsiku limodzi lokha.

Nkhani ya kasamalidwe ka antchito ikukukhudzani pawiri. Poyamba, mbewu zanu zili m'manja mwawo. Kachiwiri, ambiri a inu tsopano ndinu mabwana. Kuyambira mu 1987, pamene boma linalola anthu wamba kugula mbewu kwa alimi ang'onoang'ono, ntchito imene kale inali ya ADMARC yokha inagawikana. Makalabu, makopaletivi ndi alimi ena paokha amachita lendi shedi ku Mgona, ku Chinsapo kapena ku Area 25, nalemba aganyu oti asende, asankhe ndi kulongedza. Munthu amene dzana anali kudandaula za kalaliki wa pa msika, lero ali ndi kalaliki wakewake. Tsono tiyeni tione chimene chimachititsa wantchito kusamala katundu amene si wake.

Kumene antchitowa amachokera

Likulu la dziko lino linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. Bungwe la Capital City Development Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange mzindawu, linapatula Kanengo kuti likhale dera la mafakitale. Njanji yochokera ku Salima inafika kumeneko mu 1979. Ku Kanengo komweko ndi kumene kuli okushoni ya fodya, makampani okonza fodya ndiponso nkhokwe zikuluzikulu za chimanga cha boma. Ntchito itachuluka, anthu anakhamukira kumeneko. Ena anapeza malo ku Area 25, ena anamanga mothithikana ku Mgona m'mphepete mwa mafakitalewo. Koma ambiri amakhalabe kutali, ku Kawale ndi ku Biwi kufupi ndi tauni yakale, ku Area 23, kapena ku Chinsapo m'mbali mwa msewu wopita ku Likuni.

Wantchito wa ku Chinsapo kapena ku Area 23 amene ntchito yake ili ku Kanengo amayenda makilomita oposa 10 kupita kokha. Ndalama ya minibasi ikasowa, ulendowo ndi wapansi, ndipo amanyamuka kusanache. Kumudzi munthu akhoza kusauka koma ali ndi nkhokwe, ali ndi nkhuni, ali ndi chitsime. Ku Mgona chilichonse ndi ndalama: nyumba ndi ya lendi, madzi ndi ogula pa chidebe, makala ndi ogula, ufa ndi wa m'timapepala tija anthu amati “walkman”, tokwanira nsima ya kamodzi. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 alionse, ndipo mitengo ya zonsezi inalumpha pamene malipiro a aganyu ambiri anali pomwepo.

Sitikunena izi kuti mumve chisoni chabe ayi. Tikunena kuti mtsogoleri amene sadziwa kumene wantchito wake amagona amalamula zinthu zosatheka, ndipo zikalephereka amati anthuwo ndi aulesi. Kapitawo wouza mayi wa ku Chinsapo kuti aweruke dzuwa litalowa namuyembekeza m'mawa ndithu tsiku lotsatira, asadabwe akaona mayiyo akuwodzera pa lichero.

Mtedza wonyowa

Msika wa Mgona umadziwika ndi mtedza. Nyengo yokolola ikafika, malole amabwera nawo kuchokera ku Mchinji, ku Kasungu, ku Dowa ndi m'midzi ya Lilongwe, ndipo ogula ena amachokera kunja kwa dziko lino. Amayi ambiri a m'deralo amapeza ganyu yosenda, kupeta ndi kusankha. Pa ntchito imeneyi ndi pamene pamaonekera bwino kusiyana kwa bwana wongolamula ndi mtsogoleri womvetsera.

Kawirikawiri wosenda amalipidwa pa ndowa. Akadzaza ndowa zambiri, ndalama zake zimachulukanso. Koma mtedza wouma bwino, uja umalira mukaugwedeza, makoko ake ndi olimba. Amapweteka zala, ndipo pofika masana zala zayamba kung'ambika. Ndiye wosenda amachita chimene aliyense angachite: amawaza madzi pa mtedzawo kuti makoko afewe. Ntchito imafulumira, ndowa zimadzadza, ndipo mtedza umalemerako pa sikelo. Bwana naye tsiku limenelo amakondwa.

Vuto limadza pambuyo. Mtedza wolowa m'thumba uli ndi chinyezi umachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu saoneka ndi maso, ndipo satha ngakhale mukazinge mtedzawo kapena kuuphika. Amaononga chiwindi, amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo akatswiri amamuganiziranso pa kupinimbira kwa ana. Maiko a ku Ulaya salola mtedza wodya anthu umene aflatoxin wake wapitirira magawo 4 pa biliyoni. Kale mtedza wa Chalimbana unali kupita ku Ulaya wochuluka, koma msikawo unatsika kwambiri kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo chuku ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zavutitsa kuubwezeretsa. Akatswiri a ku Chitedze akhala akuchenjeza za mchitidwe wowaza madziwu kwa zaka zambiri.

Tsono wogula wabweza katundu wanu kuti ali ndi chuku. Bwana wongolamula amafika pa shedi atakwiya, amakalipira onse, amachotsa ntchito awiri kuti ena aope, nalemba pa chipupa kuti kuwaza madzi nkoletsedwa. Sabata yotsatira madzi amawazidwabe, kungoti tsopano amawazidwa iye akatembenuka. Palibe chimene chasintha, chifukwa ndowa ikadali ndowa ndipo zala zikadapwetekabe. Iye mwini ndiye anakonza malipiro oti wosamala aluze ndipo wothamanga apindule.

Mtsogoleri wina amayamba ndi kukhala pansi pa mphasa pomwepo, nasenda yekha mtedza wouma kwa ola limodzi. Ola limenelo limamuphunzitsa zambiri kuposa msonkhano wa komiti. Kenaka amafunsa: “Amayi, kuti tisiye madziwa, tichite bwanji kuti inu musaluze?” Funso lotere anthu sayankha tsiku loyamba, chifukwa amayesa msampha. Koma akaona kuti woyankha sanachotsedwe ntchito, mayankho amabwera, ndipo ambiri amakhala anzeru. Ena adzati ndowa ya mtedza wouma ikwere mtengo. Ena adzati kusenda kukhale kwa m'mawa ndipo kusankha kwa masana, kuti zala zipume. Ena adzatchula makina opukusa ndi manja, ngakhale kuti makinawo amaswako mtedza wina ngati sanachunidwe bwino. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma pa nkhani ya makoko kalumo kali ndi amene amagwira makokowo tsiku ndi tsiku.

Pali kanthu kena kamene ambiri amaiwala. Wosankha amauzidwa kuti achotse mtedza wofota, wosweka ndi wowola. Ngati mumamulipira pa kulemera kwa mtedza wabwino wokha, njere iliyonse imene wachotsa ndi ndalama imene wadzichotsera yekha. Nanga achotserenji? Muziyeza padera mulu wa mtedza woipawo ndi kumulipira kanthu pa umenewonso. Mudzaona mulu umene unali kubisala m'matumba anu ukutulukira poyera.

Ndipo mulu umenewo musaupereke kwa antchito ngati malipiro kapena ngati mphatso. Mchitidwe umenewu ndi wofala, ndipo wopatsayo amadziona ngati wachifundo. Koma chuku chambiri chimakhala mu mtedza womwewo, ndipo mayi akapita nawo kunyumba amasinja nsinjiro zothira m'phala la mwana. Ngati mufuna kupatsa anthu anu mtedza, apatseni mbale ya wabwino, ndipo afotokozereni chifukwa chake woipawo simuwalola kutenga. Wantchito amene wamva kuti chuku chingadwalitse mwana wake safunanso kapitawo womuima kumbuyo.

Pa fodya nkhani ndi yomweyo. Belo limabwezedwa ku okushoni chifukwa mwapezeka kachidutswa ka pulasitiki, nthenga ya nkhuku kapena masamba a magiredi osakanikirana. Zambiri mwa zimenezi zimalowa madzulo, pamene osankha atopa, kuwala kwachepa ndipo wina akuwafulumiza kuti lole ikudikira.

Sikelo ndi tsiku la malipiro

A Malawi Bureau of Standards amayesa masikelo ndi kuwadinda chidindo. Zimenezo nzofunika, ndipo mlimi ali ndi ufulu wofunsa ngati sikelo inayesedwa. Koma sikelo yodindidwa ikhoza kuba ngati woiwerenga ali ndi njala. Kalaliki amene sanalandire malipiro miyezi iwiri, mwini nyumba akumuopseza kuti amuzulira chitseko, ndiye mwamuika kuti aziyeza katundu wa mamiliyoni. Ena amapirira ndithu, ndipo ngoyenera ulemu. Ena amayamba ndi theka la kilogalamu pa thumba lililonse. Amene amaluza theka limenelo ndi mlimi mnzanu.

Kuchedwetsa malipiro ndi nkhanza imene mabwana ambiri saiona ngati nkhanza. Amati ndalama ibwera, angodikira masiku khumi. Koma masiku khumi a ku Kawale si a kumudzi. Wantchito amapita kwa wakatapila, kumene chiwongoladzanja chimatha kufika theka la ngongoleyo pa mwezi umodzi. Pamene inu mukumulipira, ndalamayo ili kale ndi mwini wake, ndipo mwezi wotsatira amayambanso ndi ngongole.

Zimachitika kuti wogula wachedwa kulipira kopaletivi ndipo m'thumba mulibe kanthu. Pamenepo ndi pamene utsogoleri umayesedwa. Musathawe pa shedi, musazimitse foni, musatume mlonda kuti akanene kuti bwana apita ku banki. Aitaneni onse tsiku la malipiro lisanafike, auzeni ndalama imene ilipo ndi tsiku limene yotsalayo ikuyembekezeka. Kandalama kamene kalipoko kayambire kwa wolandira zochepa: wonyamula matumba, wosesa, mlonda. Alawansi ya a komiti ibwere pamapeto. Antchito amadziwa zonse. Akaona apampando alandira alawansi ya msonkhano pamene aganyu auzidwa kuti adikire, mawu onse okoma amene munalankhula chaka chonse amafera pomwepo.

Kapitawo

M'mashedi ambiri mwini katundu sakhalapo tsiku lonse. Amene antchito amamuona ndi kapitawo, ndipo kwa iwo kapitawoyo ndiye kampani. Choncho posankha kapitawo musangoyang'ana wamawu akulu kapena mphwanu amene akusowa chochita. Funsani kuti anzake akakhala ndi vuto amapita kwa yani. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Kapitawo amene moto umayakira kwa iye sakuthandizani.

Ulemu suwononga ndalama. Mayi wa zaka 50 amene ali ndi zidzukulu kwawo ku Biwi asamaitanidwe kuti “iwe” ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wake chifukwa choti mnyamatayo wanyamula kope. Kunena kuti “Anaphiri, taonani thumba ili” kapena “Achimwene, tathandizani apa” sikuchepetsa udindo wa munthu. Wolakwa aitanidwe pambali. Kumunyoza pagulu kumakondweretsa mtima wa wonyozayo kwa kanthawi, koma onse amene amva amaphunzirapo chinthu chimodzi: ukalakwitsa, bisa. Ndipo cholakwa chobisika m'shedi ndi thumba lonyowa limene laikidwa pansi pa matumba ena zana.

Zoti antchito amagwira bwino akamamvedwa si nzeru ya kuno kokha. Ku America, pa fakitale ya Hawthorne ya kampani ya Western Electric pafupi ndi Chicago, akatswiri anachita kafukufuku kuyambira mu 1924 mpaka 1932. Anayamba ndi kuyesa ngati kuwala kwa magetsi kumasintha kagwiridwe ka ntchito, koma anathera pa kucheza ndi antchito oposa 20,000 mmodzimmodzi. Ophunzira amatsutsanabe za tanthauzo la zina zimene anapeza. Komabe kuchokera nthawi imeneyo oyendetsa makampani anayamba kuvomereza kuti khalidwe la kapitawo ndi mgwirizano wa antchito okhaokha zimalemera pa ntchito monga momwe makina amalemerera. Agogo athu amene anali kuitana dima anali kuzidziwa kale zimenezi: mwini munda amene amalima nawo mzere wake ndi kuphika mokwanira sasowa anthu chaka chamawa.

Koma chenjerani ndi chikondi cha pakamwa. Alipo mabwana amene amva kuti masiku ano bwana ayenera kuseka ndi antchito. Amafika ndi nthabwala, amati “tonse ndife banja limodzi”, amagula zakumwa pa Khirisimasi, koma chimbudzi cha pa shedi chinadzadza kalekale ndipo madzi akumwa palibe. Antchito sapusitsidwa ndi zimenezi. Mu 2022 ndi 2023 kolera inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu mzinda wa Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Pamalo pamene anthu makumi atatu akugwira chakudya cha anthu ena tsiku lonse, chimbudzi chaukhondo, ndowa ya madzi ndi sopo zimanena zambiri za mtima wa bwana kuposa nthabwala zake. Chimodzimodzi wothira Actellic kapena mankhwala ena m'matumba: apatsidwe chotchinga pamphuno ndi magolovesi, osati kansalu kakutha. Wosankha fodya amapuma fumbi tsiku lonse, nayenso afunika chotchinga.

Maliro ndi pena poyesera. Wantchito akaferedwa, mtsogoleri weniweni safunsa kuti abwera liti asanafunse kuti maliro ali kuti. Amapita kukakhala nawo pa siwa ngakhale ola limodzi, kapena amatumiza nthumwi ndi chipepeso. Ena amati zimenezi zimaononga ntchito chifukwa anthu amanamizira maliro. Alipo onama, inde. Koma bwana wodziwa anthu ake, amene anafikako kunyumba zawo, sanamizidwa kawirikawiri. Wonamizidwa ndi uja sadziwa ngakhale dzina la mkazi wa mlonda wake.

Kusamala anthu si kulekerera. Wakuba achotsedwe, wobwera ataledzera abwezedwe. Antchito okhulupirika ndiwo amayamba kukhumudwa akaona waulesi akulandira chimodzimodzi ndi iwo chifukwa ndi mlamu wa apampando. Ndipo pali choipa china chimene tiyenera kuchitchula poyera: makapitawo ena amauza amayi ofuna ganyu kuti ayambe agona nawo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa mchitidwe umenewu. Mayi sangakadandaule kwa kapitawo yemweyo, choncho payenera kukhala munthu wina, makamaka mayi wa mu komiti, amene amayi angamufikire popanda mantha. Ngati pa shedi panu simunamvepo dandaulo lililonse chaka chonse, musafulumire kunyada. Mwina anthu alibe kokanena.

Zimene lamulo likunena

Zina mwa zimene tanenazi si za ufulu wa bwana kuti achite kapena asachite. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limati wantchito asapitirire maola 48 pa sabata popanda malipiro owonjezera. Ola lowonjezera pa tsiku wamba limalipidwa ngati ola limodzi ndi theka, ndipo pa tsiku lake lopuma kapena pa holide ya boma limalipidwa kawiri. Amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo ayenera kupatsa aliyense kalata yofotokoza ntchito yake ndi malipiro ake. Mayi woyembekezera ali ndi tchuthi cha masabata 8 cholipidwa mokwanira, kamodzi pa zaka zitatu. Mwana wosakwana zaka 14 salembedwa ntchito. Izi muzikumbuke pamene amayi abwera ndi ana awo kuti awathandize kudzaza ndowa. Munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati akuganiziridwa kuti walakwa ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza. Wovulala pa ntchito, monga amene thumba la makilogalamu 50 lamuthyola msana, ali ndi chipukuta misozi pansi pa lamulo la Workers' Compensation Act.

Malipiro otsikitsitsa amalengezedwa ndi boma ndipo amasintha. Mu Febuluwale 2024 anakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi, ndipo anakweranso pambuyo pake. Pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu mukamve mlingo wa chaka chino musanalembe anthu. Inu a fodya mukudziwanso kuti mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa ulimi wa matenanti, uja munthu amagwira chaka chonse akudya ngongole ya chimanga kudikira malipiro a pamapeto. Milandu ya pakati pa bwana ndi wantchito imapita ku khoti la Industrial Relations Court, ndipo kalabu imene inalibe kope la malipiro imavutika kudziteteza kumeneko.

Lamulo limangoika malire a pansi. Silingalamule wosoka matumba kuti akuuzeni kuti denga likudontha pakona, kapena mlonda kuti akutsineni khutu kuti dalaivala wa lole akutsitsa matumba awiri panjira. Zimenezo munthu amanena akafuna yekha, ndipo amafuna pamene waona kuti katunduyo akaonongeka nayenso waluza kanthu. Nchifukwa chake makopaletivi ena amauza antchito mtengo umene katundu wagulidwa, ndipo katundu akalowa giredi yoyamba amawonjezerako kangachepe kwa amene anasankha. Wosankha amene sanamvepo ngati mtedza wake unalandiridwa kapena unabwezedwa ali ngati munthu wolima usiku.

Potsazikana

Ntchito ya mbewu ndi ya nyengo. Okushoni imatsegulidwa cha mu Epulo ndi kutsekedwa patapita miyezi ingapo. Mtedza ndi soya nazo zimatha. Anthu ambiri a ku Mgona ndi ku Area 25 amakhala miyezi ya dzinja opanda ntchito, pamene ufa uli pa mtengo wokwera. Momwe mumasiyanirana nawo ndimo mudzawapezere chaka chamawa.

Dziko lonse linaona kulemera kwa nkhani imeneyi pa ADMARC. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1971 m'malo mwa Farmers Marketing Board, ndipo kwa zaka zambiri linali limodzi mwa olemba ntchito akuluakulu m'Malawi. Mu 2022 boma linalengeza mwadzidzidzi kuti layamba latseka bungweli kuti likonzedwenso, ponena kuti munali katangale ndi kuba ndiponso kuti antchito anachuluka kuposa ntchito. Antchito zikwi zingapo anauzidwa kuti akhale kunyumba, kenaka anachotsedwa, ndipo ambiri a iwo anakasuma ku Industrial Relations Court. Zoti bungweli linafunika kukonzedwa ambiri sanatsutse. Koma tsiku limenelo kalaliki wokhulupirika amene anayeza chimanga zaka makumi awiri osaba ndi kilogalamu imodzi yomwe anatuluka pa chipata chimodzi ndi wakuba, ndipo kwa anansi ake ku Kawale onse anaoneka amodzi. Pamodzi ndi anthu otere pamatulukanso nzeru zimene sizinalembedwe m'buku lililonse: shedi iti imalowa madzi, mudzi uti umabweretsa chimanga chosauma, mulu uti uyenera kutuluka poyamba.

Shedi yanu ndi yaing'ono, koma zomwezo zimachitika. Mayi amene wasankha mtedza nyengo zitatu amaona njere ya chuku imene wachilendo angaidutse, ndipo kuphunzitsa wina kufika pamenepo kumadya matumba. Musadikire kuti anthu afike m'mawa ndi kupeza chitseko chili ndi loko. Auzeni kukadali masabata awiri kuti katundu akutha, kuti ayambe kufunafuna kwina. Tsiku lotsiriza werengani kope pamaso pa aliyense, masiku ake ndi ndowa zake, alandire zonse asanachoke, ndipo asaine kapena adinde chala. Wofuna kalata ya umboni yoti akaonetse ku makampani a ku Kanengo mulembereni tsiku lomwelo; kwa inu ndi pepala limodzi, kwa iye ikhoza kukhala ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi. Lembani maina ndi manambala a foni a amene mukufuna adzabwerenso, ndipo auzeni mwezi umene mukuyembekeza kutsegula. Mwezi umenewo ukayandikira, yambani mwaimbira iwowo musanalembe wina aliyense wa pa chipata.